Mpeni wa sitenilesi suyatsa moto, lekani kunamiza anthu

Kavidiyo kamene kakuzungulira pa Facebook kandipsetsa mtima. Mnyamata watola mwala wosalala wa kumtsinje, watenga mpeni wonyezimira wa kukhitchini, pansi wayala pepala la nyuzi. Akumenya, akumenya, thukuta kamukamu, moto osayaka. Kenako akuyang'ana kamera n'kumauza anthu kuti zoyatsa moto ndi mwala ndi chitsulo ndi bodza la m'mafilimu. Bodza lake liti? Anthu a ku Ulaya anaphikira moto umenewu zaka mazanamazana John Walker wa ku England asanapange machesi okhwatcha mu 1826. Iwowo ankadya zosaphika?

Achimwene, chakukanikani ndi chitsulo chanucho. Luso lilibe mlandu.

Mvetsani bwino, chifukwa apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Mbaliwali zimene zimathetheka zija sizichokera m'mwala. Zimachokera m'chitsulo. Mwala wolimba kuposa chitsulo, wokhala ndi m'mphepete mwakuthwa, umapala tizidutswa ta chitsulo tochepetsetsa, ndipo tizidutswato timatentha n'kuyaka tokha tikakumana ndi mpweya. Ndiye chitsulo chikakhala chosayenera, menyani mpaka dzuwa kulowa, simuona kanthu. Chofunika ndi chitsulo cha kaboni wambiri, chimene chinalimbitsidwa pamoto. Sitenilesi amaikamo kromiyamu kuti isachite dzimbiri, ndipo siithetheka. Msomali ndi waya n'zofewa, mwala umangozikanda. Mpeni wanu wonyezimirawo ndi chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Chitsulo chabwino chili pamsika pa osula mbaula ndi owotcherera. Pezani tupa lakale lotha mano. Linalimbitsidwa kale kufakitale, simufunika kuliwotchanso. Likulungeni m'chiguduli, mulithyole kuti mutsale ndi chidutswa cha masentimita 8 kapena 10, kenako mupale mano a m'mbali imodzi pa galayindala mpaka pasalale. Popala muziliviika m'madzi pafupipafupi. Likasintha mtundu n'kuoneka labuluu, mwalifewetsa, mbaliwali zichepa. Amene akusula chake kuchokera ku sipuling'i ya galimoto achiwotche mpaka chifiire moti maginito sakugwiranso, n'kuchiviika m'madzi nthawi yomweyo.

Mwala nawo, wosalala wa kumtsinje uja ungapale chiyani? Azungu amagwiritsa ntchito mwala wolimba wotchedwa flint. Kuno tili ndi quartz, mwala woyera uja wooneka ngati mchere umene timaupala ndi khasu m'minda. Uphwanyeni ndi mwala wina, maso mutayang'ana kumbali, musankhe chibenthu chokwana m'dzanja chimene m'mphepete mwake mungacheke chala. Pakabuntha, benthulani pena.

Tsono pepala la nyuzi lija! Mbaliwali ya chitsulo imakhala ndi moyo kanthawi kochepa zedi, singayatse pepala, singayatse udzu. Imafuna nsalu yowotcha. Tengani nsalu ya thonje lenileni, jinzi yakutha kapena thewera lakale. Ya poliyesitala imasungunuka ngati jumbo, musataye nayo nthawi. Dulani tizigamba ta masentimita 5 mbali zonse, muike tisanu kapena tisanu ndi kamodzi m'kachitini ka polishi kotsuka bwino, osapanikiza. Boolani kabowo kamodzi pachivundikiro ndi msomali, tsekani, ikani pa makala a mbaula. Pakabowo pazituluka utsi, nthawi zina ndi kalawi komwe. Utsi ukaleka, pakatha mphindi 5 mpaka 10, chotsani kachitiniko, mutseke kabowo ndi kamtengo, mudikire kazizire. Mukatsegula kadakali kotentha, mpweya ulowa ndipo nsalu yonse isanduka phulusa. Yopsa bwino imakhala yakuda bii, yofewa, yong'ambika mosavuta. Ikakhala yofiirira sinapse, ibwezereni pamoto. Chikuni chowola chofewa chija, chikauma n'kuwotchedwa m'chitini chimodzimodzi, chimagwiranso.

Kamenyedwe: mwala m'dzanja lamanzere, m'mphepete mwakuthwa mutayang'ana kunja ndi m'mwamba pang'ono. Kansalu kagone pamwamba pa mwala, pafupi kwambiri ndi m'mphepete, mutakapana ndi chala chachikulu. Chitsulo chitsike mofulumira modutsa, ngati mukufuna kuchisenda ndi mwalawo. Musakhome ngati mukuswa mtedza, mungophwanya mwala ndi kudzicheka. Mbaliwali imodzi yokha ikagwera pansalu muona kadontho kofiira kakukula. Ikani kansaluko pakati pa chisa cha udzu wouma wofikisa kapena ulusi wa khonje, chachikulu ngati manja awiri, pindani, nyamulani chapamwamba mphepo ili kumsana kwanu, muuzire pang'onopang'ono mosalekeza. Utsi ukachindikala n'kuyera, uzirani mwamphamvu. Chisa chikakhala chachinyezi, utsi utuluka koma lawi ayi.

Zonsezi mnyamata uja sanachitepo ngakhale chimodzi. Chitsulo cholakwika, mwala wobuntha, pepala m'malo mwa nsalu yowotcha, kenako mlandu n'kuukankhira kwa makolo a eni ake. Mwina anaonera anthu akupala kandodo kakuda kaja ka ferro rod n'kuganiza kuti n'chimodzimodzi. Ako n'kena, n'kosakaniza chitsulo wamba ndi mtundu wina wa chitsulo wotchedwa cerium, kamene wasayansi Carl Auer von Welsbach anatulukira mu 1903, kofanana ndi kamwala ka mu laita, ndipo mbaliwali zake n'zotentha kwambiri moti zimayatsa udzu mwachindunji. Kusadziwa si tchimo. Chimene chikundinyansa ndi kuimirira pamaso pa anthu n'kumaphunzitsa chinthu chimene sunachifunse n'komwe. Mawa munthu yemweyu adzatiuza kuti kupeka moto ndi timitengo, kumene agogo athu ankachita, ndi nthano chabe, chifukwa iye wapeka ndi mtengo wauwisi.

Ndipo inu amene mukaphunzire zimenezi, musakayesere m'tchire louma mu Okutobala. Lambulani pansi mpaka dothi lioneke, mukhale ndi madzi pafupi, mukamaliza muzimitse mpaka phulusa lizizire. Tatopa kale ndi osaka mbewa amene amayatsa dambo lonse chifukwa cha mbewa zisanu, udzu wofolera nyumba n'kupsa, mitengo imene anthu anabzala dzinja lathali n'kupsa, iwo ali kunyumba akuwotcha mbewa zawo.