Mpira wa ku Joni musamaumvere pa wailesi

Abale anga kumudzi, ndatopa nawo mafoni oti ndimupezere mwana wanu timu kuno ku Joni. Mukamva za John Maduka kapena Patrick Mabedi mumayesa aliyense wodziwa kumenya chikopa akangowoloka pa Beitbridge ndiye kuti umphawi watha. Zoona, Mabedi anakhalapo kaputeni wa Kaizer Chiefs. Maduka anasewera Bloemfontein Celtic, anatumikira timuyo zaka zambiri atapachika jombo, mpaka mu 2020 anamupatsa ukochi, ndipo chaka chomwecho anaifikitsa mu ndime yomaliza ya zikho ziwiri, Nedbank Cup ndi MTN8. Timawanyadira anthu amenewa. Koma alipo angati? Enafe amene maina athu sanamvekepo, ndani amafunsa kuti tagona ndi njala kapena ayi?

Ine ananditenga ndi ejenti wina wa pakamwa potsekemera. Ndalama ya ulendo ndinalipira ndekha, mayi atagulitsa mbewu. Chimene ejentiyo sanandiuze ndi chakuti mu ligi yaikulu ya PSL timu imaloledwa kulembetsa osewera akunja asanu okha. Ndiye iwe mlendo kuti akutenge uyenera kuposa mwana wa kuno kutalitali, kungofanana naye sikukwanira. Ndinathera ku katimu ka m'munsi, kosewera pa bwalo la fumbi.

Kenaka bondo. Tsiku limene ndinavulala ananditulutsa m'bwalo anzanga awiri atandikolekera m'mapewa, mwini timu sanabwere ngakhale kudzandizonda. Kontrakiti itatha pemiti nayo inathera pomwepo, chifukwa mapepala a wosewera amatsamira pa timu imene yamulemba. Iwe amene dzana anthu amakuimbira m'manja, lero ukaona galimoto ya apolisi mtima uli phaphapha, kuopa kukagona ku Lindela, kumene amatsekera alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo.

Pano ndimaphunzitsa ana mpira kwa bwana wina. Amanditcha kochi, koma mipira ndimapopa ndine, mayunifomu ndimachapa ndine m'beseni kuseri kwa kachipinda kanga ka malata, thumba la mipira ndimalipakata pamiyendo m'minibasi. Mwezi ukatha bwana amangoti mawa. Lendi sadziwa mawa! Ukalimbikira kufunsa akukumbutsa kuti ulibe mapepala, ukadandaule kuti? Makolo ena mwana wawo akakhala pa benchi amaiwala zonse zimene ndamuphunzitsa, mawu oyamba kutuluka ndi akuti kwerekwere, dzina lonyozera ife obwera.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Mnyamata ndamutola asakudziwa ngakhale kuimitsa mpira pachifuwa, ndamuumba zaka, timu yaikulu yamuona. Pa chithunzi cha tsiku losainira amaima pambali pake ndi munthu wina wa laisensi ya ukochi ya CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa, ine ndili panja pa mpanda. Laisensiyo nane ndimaifuna ndi mtima wonse, mutu ulipo, mpira ndimaudziwa. Koma maphunziro ake amafuna ndalama ndi mapepala olongosoka, ndipo zonse ziwiri zili m'manja mwa bwana yemweyo amene safuna kuti ndikwere, poopa kuti ndisiya kumugwirira ntchito ya bule.

Ndipo ejenti uja sanasiye. Ndikumva kuti akuzungulirabe m'mabwalo a kumudzi atavala suti, makolo akugulitsabe mbuzi ndi minda kumupatsa. Anyamata amene anabwera nawo posachedwa ndinakumana nawo akutsuka magalimoto, mmodzi mpaka jombo zake anagulitsa kuti alipire pogona.