Ku Ujiji mlendo amatsika, ku Nkhotakota amangosuzumira

Wokulira ku Nkhotakota amadziwa kuti Ilala umayamba waimva usanaione. Ikaliza hutala kutali kuja, anthu amene anagona pamchenga ndi mitolo yawo ya usipa amadzambatuka, ana kumbuyo, matumba a mpunga pamutu, onse ulendo wa kumadzi. Sitimayo sifika pagombe. Imaponya nangula pakuya, timaboti take n'kumabwera kudzatola anthu. Umapinda thalauza, kulowa m'madzi mpaka m'chiuno, ndipo ikakhala nyengo ya mwera, cha mu June ndi July, umakafika m'sitimamo uli chinyowere, mano akugundana.

Ine ndinkayesa kuti sitima zonse zapanyanja moyo wake ndi womwewu, mpaka chaka china nditakwera Liemba pa nyanja ya Tanganyika, kuchoka ku Mpulungu m'dziko la Zambia kukatsikira ku Kigoma ku Tanzania. Ndipo kunena zoona, m'kati mwake sindinaone chachilendo. Sitima ziwirizi ndi pachibale. Liemba inapangidwa ku Germany mu 1913, dzina lake panthawiyo Graf von Götzen, ndipo inabwera zidutswazidutswa m'mabokosi pa njanji yochokera ku Dar es Salaam. Mu 1916 Ajeremani, ataona kuti nkhondo yawathina, anaimiza dala kuti adani asaitenge. Angelezi anadzaivuula, n'kuyambanso kuyenda mu 1927. Ilala yathu ndi mng'ono wake: inapangidwa ku Scotland mu 1949, nayonso inadza zidutswa kudzera ku Mozambique, n'kuyamba ntchito mu 1951. Katundu wake ndi yemweyu: nsomba zouma, malata, njinga, nkhuku zomanga miyendo, ndi azungu owerengeka pamwamba atagwira makamera. Ngakhale timaboti todzatenga anthu m'midzi yopanda doko tiliko kumenekonso.

Kusiyana kuli kumtunda.

Ku Kigoma sitima imakocheza padoko lenileni, munthu n'kutsika nsapato zili kuphazi. Usanayende patali, oyendetsa timagalimoto akufunsa kale ngati ukupita ku Ujiji. Ndi pafupi, ndipo kumeneko aliyense, ngakhale mwana wogulitsa mtedza, akulozera pamene Henry Morton Stanley anakumana ndi David Livingstone mu 1871. Pali chipilala, pali mitengo ya mango, pali kanyumba kosungiramo za mbiri yakale, ndi bambo wofotokozera amene ndiyo ntchito yake. Umalipira polowa, ukatuluka umagula chakudya, wa galimoto uja wadyanso pomwepo. Kanyumbako sikakukulu ayi, ndipo nkhani yeniyeni ndi yoti azungu awiri anapatsana moni. Koma anzathuwo anaikonzera mpando, mlendo aliyense wa sitima amakaipeza.

Tsopano taonani zimene zili kwathu kuno, mtunda woyenda wapansi kuchokera pagombe. Cha m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Mswahili wamalonda amene anakhala Jumbe (mfumu) woyamba, anakhazikika pano, ndipo zombo zake zinkawolotsa akapolo ndi minyanga kupita kutsidya, kumene ankayamba ulendo wapansi wa ku Kilwa. Mpunga umene timanyadirawu ndi Chisilamu chimene chinazika mizu m'tauni muno, zonsezo mbiri yake imadutsa pa a Jumbe. Livingstone yemwe uja anafika kuno mu 1861, zaka khumi asanakumane ndi Stanley, ndipo mkuyu umene umatchedwa dzina lake ukadalipo pafupi ndi mishoni ya Anglican. Mu 1889 Harry Johnston, nthumwi ya Angelezi, anapangana pangano ndi Jumbe, koma sipanapite zaka zambiri Jumbe wotsiriza anachotsedwa n'kutumizidwa ku Zanzibar. M'tchalitchi cha All Saints muli manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira panyanja mu 1895, mwini dzina la sitima yakale ija. Mu 1960 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party, umene unapatsa Kamuzu Banda utsogoleri wa chipani wamuyaya, unachitikira kuno. Mundiuze, abale anga, Ujiji ingatipose pati? Komabe mlendo wa Ilala amadutsa ali pamwamba pa sitima, ena ali mtulo, osaponda n'komwe dothi la Nkhotakota. Ndani angatsike m'kaboti pamafunde, mumdima, kuti akaone mtengo?

Za ku Zambia sindichulukitsa. Mpulungu ndi doko la katundu, la simenti ndi shuga zopita kumpoto, koma ngakhale iwo anasunga makoma a tchalitchi cha miyala cha Niamkolo, cha m'ma 1890, chopanda denga, ndipo akuuza njira ukafunsa.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kutsidya kwathu komweku. Kunja kukayera bwino timaona mapiri a ku Mozambique tili pagombe. Ku Metangula ndi ku Cobué anthu amalankhula Chinyanja, munthu sufuna womasulira. Ambiri ali ndi abale ku Likoma ndi kuno. Kale Ilala inkaima kumeneko. Nkhondo yawo, imene inatha mu 1992, inasiya mabala, ndipo tchalitchi chachikulu cha ku Cobué chinakhala bwinja kwa zaka zambiri. Nkhani ya Jumbe ndi yodukiza ngati suwoloka kukaona kumene zombo zija zinkakocheza. Chimodzimodzi kumpoto: ku Liuli, mbali ya Tanzania, n'kumene mu August 1914 sitima ya Angelezi ya Guendolen inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda kukonzedwa, kapitawo wake asanamve n'komwe kuti ku Ulaya kwabuka nkhondo. Nyanja ndi imodzi, koma ife timati Malawi, Atanzania Nyasa, a ku Mozambique Niassa, ndipo za malire a kumpoto kuja maboma sanamvanebe. Liemba, ikamayenda, imalumikiza mayiko awiri pa ulendo umodzi. Ife ulendo wozungulira madoko a mayiko onse atatu timangoulota.

Pena tisadzinyoze. Liemba yakhala nthawi zitalizitali ili chimangire padoko kudikira kukonzedwa, pamene gogo wathuyu, ngakhale amapumirako, amabwerera pamadzi, kuchoka ku Monkey Bay kukafika ku Chilumba n'kubwerera, sabata ndi sabata. Ndipo ku Likoma zinthu zimayenda monga ndikufunira: sitima imaima nthawi yokwanira, mlendo n'kukaona tchalitchi cha St Peter's chimene anayamba kumanga mu 1903, n'kubwerako atagula kanthu.

Sindikufuna kuti Ilala isanduke ya alendo okhaokha. Kwa munthu wa ku Chizumulu, ku Usisya kapena ku Ruarwe, sitimayi ndiye msewu, ndiye ambulansi, ndiye lole ya chimanga. Mayi wonyamula usipa sangachedwetsedwe tsiku lonse chifukwa wina akujambula mkuyu. Chimene ndinasirira ku Kigoma ndi chaching'ono: poponda pouma potsikira, maola awiri kapena atatu dzuwa lili kunja, ndi anyamata a kabaza odziwa kusiyanitsa Jumbe woyamba ndi wotsiriza. Poponda poumapo mayi wa usipa uja ndiye angayambe kupindula napo.

Ulendo wanga wapitawu, ndikuchokera kummwera, mayi wina wachizungu anandipeza nditatsamira chitsulo cha m'mphepete, n'kuloza timagetsi ta kumtunda. Anafunsa kuti kumeneko n'kuti. Ndinati ndi kwathu, ku Nkhotakota. Anafunsanso ngati kuli choona. Ndinayamba ndi Salim bin Abdallah, koma ndisanafike pa mkuyu, wa kaboti anakuwa kuti otsika afulumire. Ndinavula nsapato, n'kusenza chikwama.