Dzina ndi limodzi, koma kwacha ya ku Chipata si yathu

Mwezi wa Ogasiti ndinanyamuka kwathu ku Salima kupita ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kukakhala nawo pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ndinatenga ndalama zomwe ndinapeza nditagulitsa matumba atatu a mpunga wa ku Lifuwu, mtolo wa ma K5,000 wokhuthala moti ndinachita kuumanga ndi labala n'kuubisa m'thumba la m'kati mwa jekete. Titafika pa chipata cha Mwami, mnyamata wosintha ndalama anauwerenga kawiri akunyowetsa chala ndi malovu, kenako anandipatsa timapepala ta ku Zambia towerengeka, toti tinalowa m'kathumba ka malaya osatukumula n'komwe. Ataona kuti nkhope yanga yagwa anati, "Madala, musandikwiyire ine, ndalama yanu ndi imene yafooka." Mawu amenewo akundiwawabe mumtima mpaka lero.

Anzathu a ku Zambia anayamba kugwiritsa ntchito kwacha mu 1968, ife mu 1971, ndipo tonse tinatenga dzinali ku mfuu imodzi ya pa nthawi yomenyera ufulu. Koma taonani kumene yathu yafika. Mu Meyi 2012 dola imodzi inachoka pa K168 kufika pa K250. Mu Meyi 2022 kwacha anaichepetsanso mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700. Nthawi zonse ankatiuza kuti ndalama zakunja ziyamba kupezeka m'mabanki, koma wamalonda aliyense akudziwa kuti mtengo wa ku banki ndi wongolembedwa pakhoma. Dola yeniyeni imapezeka kwa mavenda, pa mtengo woposa kawiri.

Amene amalipira kusiyana kumeneku ndife a kuno kunyanja. Msodzi wa ku Senga Bay sanagwirepo dola m'manja mwake, komabe ukonde wake, injini ya boti, mapulagi ndi petulo amene amagonera pamzere, zonse zimachokera kunja ndipo mtengo wake umatsatira msika wa mavenda. Akakweza usipa, mayi wogula amamunena kuti ndi wadyera. Mlimi wa mpunga naye amagulitsa m'makwacha ofooka n'kukagula fetereza wokwera mtengo ngati mankhwala a kuchipatala cholipira. Ndiyeno ogula ochokera kutsidya la malire akabwera ndi ndalama yawo n'kusintha, amatha kutipatsa mtengo wooneka waukulu pa soya, mtedza ndi mpunga, pomwe kwa iwo n'kungotola. Mu 2024 shuga anasowa m'magolosale, ngakhale kwa anthu amene amaona minda ya nzimbe ya ku Dwangwa tsiku ndi tsiku, ndipo nkhani inali ponseponse yoti akuwoloka malire chifukwa kumeneko amabweretsa ndalama yolimba.

Sindikunena kuti ku Zambia kuli paradaiso. Iwonso analephera kubweza ngongole zakunja mu Novembala 2020, kwacha yawo inagwa kwambiri mu 2023 ndi 2024, ndipo chilala cha 2024 chinachepetsa kwambiri madzi m'damu lopangira magetsi la Kariba mpaka magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Msuweni wanga wa ku Katete anadandaula za mtengo wa ufa usiku wonse. Ndivomerezenso kuti mu 2013 anangochotsa maziro atatu pa ndalama yawo, kotero kuchepa kwa timapepala tija si mphamvu yokha ayi. Koma yawo ikagwa imadzukanso, monga inachitira mu 2025, chifukwa ali ndi mkuwa umene dziko lonse likuufuna. Ife tikudalirabe fodya amene amagulitsidwa miyezi yochepa pachaka, ndipo ndalama zake sizikwanira ngakhale mafuta ndi fetereza. Kutsidya kwa nyanja, ku Mozambique, ndalama yawo ya metikali yakhala pafupifupi pamalo amodzi kwa zaka zingapo, ndipo ku Tanzania amalonda athu opita ku Dar es Salaam amabwerako ndi katundu wochepa ulendo uliwonse.

Chimene chinandichititsa manyazi kwambiri ndi chimene ndinachita ine mwini pobwerera. Nditafikanso pa Mwami ndinali ndi timapepala tiwiri totsala, ndipo mnyamata yemwe uja anandithamangira kuti, "Madala, bweretsani ndikusinthireni." Ndinakana. Ine amene ndimakonda dziko langa ndinaona kuti n'kwanzeru kusunga ndalama ya eni kusiyana ndi yathu. Mai a kunyumba anatikulunga m'kansalu n'kutiika pansi pa sutikesi, ndipo tagwirizana kuti tidzatisinthe mvula ikayandikira, pogula fetereza wa munda wa ku Lifuwu.