Max Ernst sanali wamisala

Zimandiwawa anthu akamaona zithunzi za Max Ernst, wojambula wa ku Germany, n'kungoti "ameneyu mutu sunkagwira." Inde, muli mbalame zovala ngati anthu, nkhalango zouma gwaa, mizinda yopanda ndi munthu mmodzi yemwe. Koma mwaliona dziko limene ankakhalamo?

Anabadwa mu 1891 ku Brühl, pafupi ndi Cologne. Kusukulu ya zojambula sanapondeko. Ku yunivesite ya Bonn ankaphunzira filosofi ndi za maganizo a munthu. Mu 1914 nkhondo yoyamba yapadziko lonse inabuka, iye n'kukatha zaka 4 akuomba mizinga. Munthu woti waona anzake akufa chonchi, mungamuuze kuti azijambula maluwa okongola?

Chimene ndimamukondera kwambiri n'zimene anachita mu 1925 ali m'nyumba ya alendo m'mbali mwa nyanja ku France. Anayala pepala pa matabwa akale apansi n'kumakwecha ndi pensulo, monga amachitira ana akaika kobiri kunsi kwa pepala. M'mizere ya thabwayo ankaonamo masamba, maso, zilombo, ndiye n'kumazitsata. Njirayi anaitcha frottage. Anthu ambiri anapondapo pa matabwawo osaonapo kanthu.

Mu 1937 a Nazi, chipani cha Hitler chimene chinkalamulira Germany, anaika ntchito zake pachionetsero cha ku Munich chonyoza zojambula zimene ankati n'zoola. Mu 1939, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itabuka, Afalansa nawonso anamutsekera pafakitale ya njerwa ku Les Milles, mlandu wake kukhala Mjeremani basi. Kwawo mdani, kwa eni mdaninso. Chithunzi chake cha Europe After the Rain II anachiyamba mu 1940 n'kukachimalizira ku America mu 1942. Chikuonetsa dziko losungunuka, lovunda. Pamenepo wamisala anali wojambulayo, kapena Ulaya?

Komabe sindimuyeretsa. Mu 1922 anasiya mkazi wake Luise Straus ndi kamwana kawo Jimmy, n'kupita ku Paris. Luise anali katswiri wa mbiri ya zojambula komanso mtolankhani, ndipo anali Myuda. Ernst anapulumukira ku New York mu 1941 mothandizidwa ndi Peggy Guggenheim, mayi wa ku America wosonkhanitsa zojambula, pamene Luise anagwidwa ku France n'kukaphedwa kumsasa wa a Nazi wa Auschwitz mu 1944. Sindikuti Ernst ndiye anamupha, ayi. Koma tikamasimba za mphoto yaikulu imene Ernst analandira pachionetsero cha zojambula cha ku Venice mu 1954, ine ndimafuna dzina la mayi ameneyu lizimvekanso.