Inu opita ku Beira pa Khirisimasi, tamverani kuno

Ana inu, ndamva kuti m'magulu anu a pa WhatsApp mwayamba kale kusonkherana ndalama za basi yopita ku Beira, ku Mozambique, ena a ku Mufakose, ena a ku Mabvuku, ena a konkuno ku Mbare. Pitani ndithu, sindikukuletsani. Ambiri mwa inu munabadwira mu Harare muno, ngakhale nyanja ya kwathu ku Mangochi simunaionepo. Chimene chikundiwawa ndi kapitidwe kanu. M'chikwama mwadzaza zovala zojambulitsira zithunzi, sipika ya nyimbo ndi mowa, koma neti ya udzudzu mulibe.

Ukakutchulirani malungo mumaseka, ati ife ndife a ku Malawi, malungo ndi matenda akwathu. Akwanu kuti? Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, n'chifukwa chake malungo sachuluka kuno. Agogo anu amene anakulira ku Nsanje kapena ku Nkhotakota ankawadwala chaka ndi chaka kuyambira ali makanda, thupi mpaka linaphunzira kulimbana nawo. Inu thupi lanu silinakumane nawo. Ngakhale ife amene tinabadwira kumudzi, mphamvu ija inatha kalekale chifukwa chokhalitsa kuno. Tsono mukangowoloka malire pa Forbes kulowa Machipanda, kudutsa Chimoio, msewu umatsikira kuchigwa cha mtsinje wa Pungwe. Beira ili pansi penipeni, m'madambo, ndipo December ndi dzinja: kutentha, mvula, zithaphwi paliponse. Inu ndiye mumachezera panja usiku wonse ku gombe la Macuti mutavala kabudula.

Choopsa chake n'chakuti malungo saonekera tsiku lomwe udzudzu wakuluma. Pamapita sabata, nthawi zambiri masiku 10 mpaka 15. Mwabwerako, January wafika, mwayamba ntchito, kenako mutu, kuzizidwa, kuphwanya m'thupi. Mumati ndi chimfine, kapena matsire a Chaka Chatsopano, n'kugula panado pa tebulo la m'mphepete mwa msewu. Masiku akupita. Malungo a mtundu umene uli kumeneko akachedwa kuthandizidwa amalowa kubongo, ndipo mwana wamng'ono kapena mayi woyembekezera sachedwa kutayika. Mukafikanso kukiliniki mumangoti "mutu ukundiwawa", osanena kumene mwachokera. Namwino alota bwanji? Iye akuona munthu wa ku Highfield. Tsegulani pakamwa, nenani kuti ndinali ku Beira, mundiyeze malungo. N'kubaya chala chabe, zotsatira zimatuluka musanadzuke n'komwe pa benchi. Akakupatsani Coartem imwani masiku onse 3, osati kusiyira panjira chifukwa mwapezako bwino n'kusungira mnzanu otsalawo.

Za madzi ndiye mumandidabwitsa kwambiri, poti kolera tikuidziwa ife. Ya 2008 mpaka 2009 inapha anthu opitirira 4,000 m'dziko muno, ndipo ku Budiriro, mu Harare muno, kunali maliro okhaokha. Mu 2018 inabweranso ku Glen View ndi ku Budiriro komweko. Kuno madzi a pachitsime mumathira WaterGuard, koma mukangoona nyanja nzeru zonse zimatsala mu basi. Mzinda wa Beira unasakazidwa ndi namondwe wa Idai mu March 2019, yemwe uja anagumula mapiri ku Chimanimani, ndipo kolera inatsatira pasanathe mwezi. Mzinda wotsika chonchi, mvula ikagwa yambiri madzi a m'ngalande amasakanikirana ndi zonyansa za m'zimbudzi, n'kuthera m'nyanja momwe mukusambitsamo ana. Kukagwa chimvula, dikirani, ndipo musasambe pafupi ndi pamene ngalande ikuthirira. Nsomba ndi nkhanu idyani zotentha, zongochoka pamoto. Ayezi wa m'chakumwa amapangidwa ndi madzi amene simukuwadziwa. Wina akatsegula m'mimba, musadikire kuti mukafike kunyumba: lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga, theka la supuni yaing'ono ya mchere, azimwa muli pa ulendo wa kuchipatala.

Ndinenenso ichi, ngakhale chikukhumudwitseni. Matewera ndi mabotolo amene mumasiya pamchenga ndi omwewo amakatseka ngalande za eni mzinda. Inu mukwera basi, iwo atsala ndi madzi m'nyumba. Ndi ulendo wanji wochititsa manyazi chotere?

Mukadwalira komweko, dziwani kuti kuchipatala amalankhula Chipwitikizi. Chisena chimamvekako kwa ife, pamsika mugwirizana mtengo, koma kufotokoza matenda ndi nkhani ina. A BP, a shuga ndi a ma ARV, nyamulani mankhwala opitirira masiku a ulendo, ndipo mayina ake mulembe papepala. Amene muli ndi medical aid funsani musananyamuke ngati imagwira ntchito kunja kwa dziko, ndipo patulani ndalama za ku Mozambique, za meticais, zimene simuzikhudza ngakhale mowa ukome bwanji.

Inu okonza basi, musamangolemba amene walipira. Lembaninso nambala ya m'bale wa aliyense wotsala kuno, onani kuti banja lililonse lanyamula neti, ndipo oyembekezera ndi a ana aang'ono ayambe akafunsa kukiliniki za mankhwala oteteza ku malungo asanakupatseni ndalama zawo.