Kunyamula njerwa si kugula chipinda

Loweruka lapitali ndinafika kunyumba kwanga ku Lunzu madzulo ndipo ndinapeza amalume atakhala pakhonde, pambali pawo pali mwana wawo wamwamuna, chikwama chachikulu ndi matiresi omanga ndi chingwe. Sanandiimbire foni, sanatume munthu, ndipo ngakhale mayi a kunyumba kwanga sanafunsidwe kanthu. Titalonjerana, anandiuza mosatekeseka kuti msuweni wangayo akhala pano mpaka atapeza ntchito ku Blantyre, ndipo anali atasankhiratu chipinda choyang'ana kumsewu. Nditanena kuti nkhani yotere imayenera kuyamba yakambidwa, iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Mwanawe, kodi waiwala kuti njerwa za nyumba imeneyi tinaumba ndife?"

Sindinaiwale ayi. M'chilimwe cha 2021 abale anga anachoka kumudzi n'kudzakhala pano milungu iwiri, amuna akuponda dothi ndi kuthamanga ndi zikombole, amayi ndi azakhali akutunga madzi ndi kuphika thobwa, ndipo usiku wootcha uvuni tinachezera tonse tikusonkhezera nkhuni mpaka mbandakucha. Ndinawathokoza, ndinawaphera mbuzi, ndinawalipirira ulendo wobwerera, ndipo ndidzawathokozabe mpaka tsiku limene ndidzalowe m'manda. Koma munthu amene wathandiza kumanga nyumba sakhala mwini nyumbayo, ndipo amene wanyamula njerwa sanagule chipinda.

Makolo athu ankaitana dima. Anthu ankabwera ndi makasu awo, ankalima munda wa mnzawo, ankamwa chimene chakonzedwa, dzuwa likapendeka aliyense ankabwerera kwawo. Kodi ndi liti pamene munthu wolima pa dima anabwera nthawi yokolola kudzanena kuti mbali ina ya nkhokwe ndi yake? Ine ndemwe ndinakwera padenga la amalume omwewa kukhoma malata pamene mphepo inasasula nyumba yawo, koma sindinapiteko ndi mphasa yanga kukawauza kuti kuyambira lero ndizigona kuchipinda kwawo. Thandizo limabwezedwa ndi thandizo, silibwezedwa ndi makiyi a nyumba.

Amalume anandikumbutsa kuti mutu umodzi susenza denga. Mwambiwo ndi woona, koma sunanene kuti mitu yonse imene yasenza dengalo izigona pansi pake. Ndipo pamene dengalo linkalemera kwenikweni mitu ija inali kuti? Puloti ndinagula ndekha. Mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mtengo wa simenti ndi malata unalumpha nyumba ili pa lintala, ndipo ine ndinakatenga ngongole imene ndikubwezabe mpaka lero, ana akudya ndiwo zopanda mafuta miyezi yathunthu kuti tifolere mvula isanagwetse makoma. Nthawi imeneyo palibe anabwera kudzanena kuti ngongoleyi ndi yathu tonse chifukwa njerwa tinaumba limodzi. Ngongole ndi yanga ndekha, koma chipinda ndi cha mtundu wonse. Chilungamo chake ndi chiti pamenepa?

Ndikudziwa kuti ntchito zikusowa ndipo lendi ya m'tauni ndi yowawa, koma zimenezo sizichotsa ulemu wa kupempha. Akanabwera n'kunena kuti tithandizeni kumusunga mnyamatayu miyezi ingapo, ndikanakhala pansi ndi mkazi wanga ndipo mwina tikanavomera ndi mtima woyera. Chimene chandipsetsa mtima ndi kusandutsa thukuta la milungu iwiri kukhala chiphaso cholowera m'nyumba mwanga nthawi ina iliyonse popanda ngakhale odi. Ngati thandizo lanu lili ndi mtengo, nenani mtengowo tsiku loyamba dothi lisanapondedwe, kuti munthu asankhe yekha pakati pa inu ndi aganyu, chifukwa waganyu ukamulipira nkhani imathera pomwepo ndipo sadzabweranso ndi matiresi patapita zaka.

Ndiponso popeza tayamba kukumbutsana za amene anachita chiyani, tikumbutsanenso za mmisiri uja amene abale anandikakamiza kumulemba chifukwa ndi mwana wa kwathu. Matumba asanu ndi limodzi a simenti anasowa iye ali ndi kiyi wa mosungira zipangizo, ndipo nditafunsa, akuluakulu anandiletsa kuti m'bale sachititsidwa manyazi pamaso pa anthu. Mchenga anachulutsa, pulasitala ikuyoyoka ukangoikhudza ndi chikhadabo, ndipo khoma la kukhitchini lili ndi mng'alu wolowa chala. Pa mng'alu umenewo sindinamvepo wina akunena kuti tinamanga ndife.