Kuonera Spider-Man si umwana

M'maofesi ambiri muno mu Blantyre muli chizolowezi chimene sindigwirizana nacho, chonyoza munthu wamkulu chifukwa choti amakonda mafilimu a ngwazi monga Superman, Batman ndi Spider-Man. Pa nthawi ya nkhomaliro wina akangotchula kuti Loweruka anaonera filimu yotere, sipalephera kupezeka mnzake womufunsa kuti, "Achimwene, ndevu zonsezo mukuonerabe za ana?" Ena onse amafa nazo, wofunsidwayo n'kungoweramira mbale yake ya chipisi.

Chimene ndachiona n'chakuti onyozawa nthawi zambiri sanaonerepo ngakhale filimu imodzi mpaka kumapeto. Superman anayamba kutuluka m'mabuku a zithunzi mu 1938, Spider-Man mu 1962, ndipo ana amene ankawerenga mabukuwo pano ndi agogo. Filimu ya ngwazi yotchedwa Black Panther, imene inatuluka mu 2018 motsogoleredwa ndi Ryan Coogler, inapata mphoto zitatu za Oscar ndipo inapikisana nawo pa mphoto ya filimu yopambana zonse. Nkhani yake ndi ya pachibale polimbirana ufumu, komanso ya dziko lolemera ndi chuma cha pansi pa nthaka limene likudzifunsa ngati liyenera kugawana ndi ena. Aliyense amene anakhalapo pabwalo pozenga mlandu wa ufumu kumudzi sangaitche nkhani imeneyi kuti ndi ya ana.

Bambo yemweyo amene akuseka mnzake amavala jezi yofiira kapena yabuluu Bullets ndi Wanderers akamakumana pa Kamuzu Stadium, ndipo timu yake ikagonja nsima siilowa. Palibe amene amamutcha mwana, ndipo sayeneradi kutchedwa choncho.

Ndikuvomereza kuti ena mwa mafilimuwa ndi phokoso lokhalokha, nyumba kumangogwa popanda nkhani yogwira mtima. Kutsutsa filimu kulibe vuto. Cholakwika n'kuchotsera ulemu munthu amene mumagwira naye ntchito, yemwe amalipira lendi ndi fizi ngati inu nomwe.

Kwa amene akusekedwa, maganizo anga ndi akuti musabise zimene mumakonda, komanso musakweze mawu pagulu. Mufunseni wonyozayo modekha kuti waonerapo filimu iti, chifukwa funso limeneli lokha limaziziritsa ambiri. Akapitiriza tsiku ndi tsiku, mutengereni pambali mumuuze kuti nthabwalayo yakukwanani. Akakhala bwana wanu, dikirani muli awiriwiri mu ofesi mwake, pakuti akuluakulu ambiri salola kudzudzulidwa pamaso pa antchito awo.